Maphunziro a sayansi ndi luso lamakono olipiridwa ndi maboma a zigawo ku America: musankhe njira iti?

Ku America nkhani ya makoleji si ya boma lalikulu la ku Washington lokha. Chigawo chilichonse mwa zigawo 50 chili ndi bwanamkubwa wake, nyumba yake ya malamulo, thumba lake la misonkho ndi makoleji ake, ndipo zigawozi zimalimbirana mafakitale ngati mavenda olimbirana kasitomala mmodzi. Kampani yopanga mabatire a galimoto, mankhwala, kapena tizipangizo ta m'kati mwa foni ndi kompyuta totchedwa semiconductor ikamafuna malo, ikangomva za magetsi ndi madzi imafunsa kuti anthu odziwa ntchito alipo kapena ayi. Funso limeneli ndi lomwe linabala Tennessee Promise, Next Level Jobs ya ku Indiana, Apprenticeship Carolina ndi mapulogalamu ena ambiri otere.

Ndalamazi zilipodi, ndipo mabanja a kwathu okhala ku South Bend, Indianapolis, Atlanta kapena New York ali ndi ufulu wozitola ngati mapepala awo akulola. Koma musazitenge ngati mphatso. Boma likugula antchito a makampani omwe lawakopa, ndipo dola iliyonse imabwera ndi chingwe chake. Walira mvula walira matope. Njira zake zikuluzikulu ndi zinayi, ndipo kusiyana kwake kwenikweni kuli pa kutalika kwa chingwecho ndi pomwe chimakumangirirani.

## Zoti muyeze musanakopeke ndi dzina la pulogalamu

Mapepala. Apa ndi pomwe ambiri amabwerera. Mapulogalamu ochuluka a zigawo amafuna kuti mudzaze FAFSA, fomu ya boma lalikulu yopemphera thandizo la sukulu. Ololedwa kulandira thandizo kudzera pa fomuyi ndi nzika, a green card, othawa kwawo ovomerezeka ndi magulu ena ochepa. Wa viza ya sukulu ya F-1 salowamo, ndipo m'zigawo zambiri ngakhale akhale zaka zinayi pamalo amodzi amalipirabe fizi ya mlendo, yomwe imatha kuwirikiza kawiri kapena katatu. Wa green card nayenso amayenera kusonyeza kuti ndi wokhazikika m'chigawocho, kawirikawiri kwa miyezi 12: laisensi yoyendetsera galimoto ya komweko, pangano la lendi, mapepala a msonkho. Wosamukira ku Michigan mu Juni asawerengere kuti ayamba sukulu yaulere mu Ogasiti.

Chiphaso chomwe muli nacho kale. Mapulogalamu a akuluakulu anapangidwira anthu opanda digiri. Digiri ya ku Chanco kapena ku Poly ikaunikidwa n'kupezeka kuti ikufanana ndi digiri ya zaka zinayi ya ku America, imakutsekerani Pell Grant, thandizo la boma lalikulu la anthu opeza zochepa, ndipo imatha kukutsekeraninso zitseko za chigawo. Kuibisa pa FAFSA ndi mlandu. Wa MSCE yokha ali pabwino pankhaniyi, koma koleji imatha kufuna kuti satifiketiyo iunikidwe kaye ndi bungwe ngati WES kapena ECE, zomwe zimadya masabata ndi ndalama. Ikakanidwa, njira yotsala ndi mayeso a GED kapena HiSET, omwe amalowa m'malo mwa satifiketi ya sekondale ya ku America.

Tanthauzo la mawu oti ulere. Mapulogalamu ambiri amalipira zotsala zokha. Tiyerekeze kuti fizi ya pa koleji ya m'dera ndi $4,500 pa chaka. Mwana wa banja lovutika akalandira Pell yonse, yomwe m'zaka zaposachedwa yakhala $7,395, fizi yakwanira kale ndipo chigawo sichitulutsa ngakhale senti imodzi. Mnzake wa banja lopeza bwino, yemwe salandira Pell, chigawo chimamulipirira $4,500 yonse. Onse awiri alowa osalipira, koma wovutika uja vuto lake silinali fizi. Linali lendi, mafuta a galimoto, mabuku ndi wosamalira mwana, ndipo zimenezi pulogalamu sizikhudza.

Masamu. Ntchito za makina, magetsi ndi uinjiniya zonse zimadutsa pa alijebura. Makoleji ambiri amayesa kaye msinkhu wanu ndi mayeso ngati ACCUPLACER. Wolemba mayesowa ali wotopa ndi shifiti ya usiku, asanabwereze kanthu, amaponyedwa m'kalasi yokonzekeretsa yomwe imadya nthawi ndi thandizo lake. Masabata atatu obwereza masamu a Fomu 3 ndi 4 musanalembe amatha kukupulumutsirani semesita yathunthu.

Zina ziwiri zotsalazo n'zoti muziyankhe kunyumba, osati ku ofesi ya koleji: banja lingapirire miyezi ingati malipiro atatsika, ndipo mukutsimikiza kuti zaka 5 zikubwerazi mudzakhala mukadali m'chigawo chomwecho?

Kumbukiraninso kuti nyumba za malamulo zimasintha ziwerengerozi pafupifupi chaka ndi chaka. Zomwe zili pansipa zikuonetsa mmene pulogalamu iliyonse inamangidwira. Tsiku lotsekera ndi malire a chaka chanu muwaone pa tsamba la chigawo chanu.

## Njira yoyamba: satifiketi ya masabata kapena miyezi yochepa

Mtengo. Chitsanzo chodziwika ndi Workforce Ready Grant ya ku Indiana, yomwe inayamba mu 2017 pansi pa bwanamkubwa Eric Holcomb. Imalipira fizi ya masatifiketi osankhidwa m'magawo asanu: ntchito za m'mafakitale amakono, zomangamanga, zaumoyo, zamakompyuta ndi bizinesi, ndi zamtengatenga. Chomwe chimatsalira m'thumba lanu ndi mabuku, zida, ndipo nthawi zina mayeso a chiphaso chenichenicho. CompTIA A+, chiphaso choyambira cha ntchito za makompyuta, ili ndi mayeso awiri, aliwonse oposa $200, ndipo mukalephera mumalipiranso. Funsani musanalembetse ngati ndalama ya mayeso ili m'katimo. Ku Ohio ndalama zimadutsa njira ina: TechCred, yomwe inayamba mu 2019, imabwezera abwana ndalama za maphunziro pa chiphaso chomwe wantchito wawo wapata. Kumeneko wopempha si inu, ndi kampani yanu, ndipo mabwana ena sadziwa n'komwe kuti pulogalamuyi ilipo mpaka wantchito atawauza.

Kupezeka. Palibe njira ina yotseguka chonchi. Ivy Tech, koleji ya m'dera ya boma la Indiana, ili ndi masukulu m'mizinda yambiri ya Indiana, kuphatikizapo South Bend, Fort Wayne ndi Indianapolis, ndipo makalasi ena ndi amadzulo kapena a pa intaneti. Ku Arizona makoleji a Maricopa anayambitsa mu 2022 kosi ya masiku 10, maola 40, yokonzekeretsa anthu ntchito za m'mafakitale a semiconductor a Intel ndi TSMC.

Kusunga thandizo ndi chiphaso. Zingwe za boma n'zochepa. Choti mudziwe n'chakuti ziphaso zambiri za makompyuta zimatha mphamvu: za CompTIA ndi CCNA ya Cisco zimakhala zaka 3, kenako mumalipira ndi kuphunziranso kuti zipitirire.

Pomwe pamaterera. Pali makosi a mitundu iwiri omwe pa chikwangwani amaoneka ofanana. Ena amapereka makirediti a koleji, omwe mungadzawawonjezere mpaka akwane digiri. Ena sapereka kirediti ngakhale imodzi. Wochita kosi ya mtundu wachiwiri akadzafuna digiri amayambira pansi. Funso lake ndi lachidule: kodi maphunzirowa awerengedwa ku digiri iti ya pa koleji pomwe pano, ndipo makirediti angati?

Kwinaku, maola 40 sasandutsa munthu tekinishani. Amakuphunzitsani kuvala chovala chophimba thupi lonse cholowera m'chipinda chopanda fumbi, kugwira zida, ndi kumva mawu a ntchitoyo, kuti pa intaviyu musaoneke mlendo. Kulemba anthu m'mafakitale amenewa kumayenda ndi msika, chaka china mazanamazana, chaka china zii. Ndipo satifiketi yoyambira ya makompyuta ili ndi anthu ambirimbiri, pomwe ntchito zoyambira zothandiza anthu pa makompyuta sizikuchuluka mofanana. Kwa ife, satifiketi yaifupi imagwira bwino kwa munthu yemwe ali kale m'kati mwa kampani ndipo akufuna kukwera sitepe imodzi. Kwa wogogoda ali panja, mphamvu yake njochepa kuposa mmene zikwangwani zimanenera.

## Njira yachiwiri: zaka ziwiri pa koleji ya m'dera kapena ya ntchito zamanja

Iyi ndi njira yomwe zigawo zathiramo ndalama zambiri, ndipo ndi yomwe ili ndi timalamulo tochuluka togwetsa anthu.

Mtengo. Tennessee Promise, yomwe bwanamkubwa Bill Haslam anasainira mu 2014, inayamba ndi ana omaliza sekondale mu 2015. Imalipira fizi yotsala pa makoleji 13 a m'madera ndi pa makoleji a ntchito zamanja otchedwa TCAT, ndipo ndalama zake zinachokera ku thumba la lotale. Mu 2018 anatsegulira akuluakulu Tennessee Reconnect. Michigan Reconnect inabwera mu 2021 kwa a zaka 25 kupita m'tsogolo, koma imakwaniritsa fizi ya okhala m'dera lomwe limakhomera msonkho ku kolejiyo. Wokhala kunja kwa malire a deralo amalipira yekha kusiyana kwake. Ku Georgia, HOPE Grant ikaphatikizidwa ndi HOPE Career Grant imakwaniritsa fizi ya maphunziro osankhidwa pa makoleji 22 a ntchito zaluso. Zida ndi zanu: wophunzira kukonza makina a m'fakitale amagula multimeter, masipanala, nsapato zachitsulo kutsogolo ndi magalasi otchinga maso, ndipo mndandanda wake umatha kufika madola mazana angapo sabata loyamba lomwelo.

Kupezeka. Makoleji a m'madera amalandira pafupifupi aliyense womaliza sekondale. Chosowa ndi mpando m'kosi yomwe mukufuna. Labu yokhala ndi makina owerengeka singatenge gulu lalikulu, n'chifukwa chake makosi otentha a pa TCAT amakhala ndi mzere wodikira. Lembetsani dzina msanga, ngakhale musanatsimikize. Kwa mwana wa sekondale ku Tennessee tsiku lofunika ndi 1 Novembala m'chaka chake chomaliza. Likamudutsa, Promise yamudutsa, ngakhale akhale wanzeru bwanji. Makolo omwe sanakulire m'dongosolo la kumeneko ndi omwe amaphonya tsikuli kwambiri, chifukwa Novembala amaoneka kutali ndi nthawi yoganiza za koleji.

Kusunga thandizo. Promise imafuna kuphunzira nthawi yonse, makirediti osachepera 12 pa semesita, avereji ya magiredi yosatsika 2.0 (pa mlingo wofika 4.0), maola a ntchito yongodzipereka olembetsedwa tsiku lisanadutse, ndi FAFSA yatsopano chaka chilichonse. Reconnect imalola makirediti 6, ndipo ndi chomwe chimaipangitsa kukhala yotheka kwa munthu wa pa ntchito. Pa TCAT sawerenga makirediti koma maola: teremu ili ndi maola 432, pafupifupi maola 6 pa tsiku, Lolemba mpaka Lachisanu, ndipo wojomba kupitirira maola 42 amaimitsidwa. Maola 42 ndi masiku 7 okha. Ulendo wa kumaliro kumudzi, pandege masiku awiri kupita, awiri kubwera, umawamaliza onse. Zikakugwerani zotere, kaonaneni ndi ofesi ya ophunzira musanakwere ndege, ndipo zomwe mwagwirizana zikhale zolembedwa.

Pamwamba pa malamulo a chigawo pali a boma lalikulu, omwe ambiri amawamva tsiku lomwe alandira bilu. Makoleji ambiri amafuna kuti mukhoze pafupifupi 67 pa 100 ya makirediti omwe mwalembetsa. Mukasiya makalasi onse semesita isanafike pa 60 pa 100, gawo la Pell limabwezedwa ku boma, koleji n'kukutumizirani ngongole, ndipo isanalipidwe simungalembetsenso.

Pomwe pamaterera. Digiri za zaka ziwiri zilipo ziwiri zomwe mayina ake amasiyana chilembo chimodzi. AS inakonzedwa kuti mupitirize ku yunivesite. AAS inakonzedwa kuti mulowe ntchito. Wofuna kudzakhala injiniya akatenga AAS ya zamakina amadzapeza kuti masamu ndi fizikisi zomwe anaphunzira sizikuwerengedwa ku digiri ya uinjiniya, zaka ziwiri n'kusanduka chaka chimodzi kapena kucheperapo. Tennessee ili ndi Tennessee Transfer Pathways, Indiana ili ndi TSAP: ndi mindandanda ya makalasi omwe mayunivesite a boma anavomera kale kuwalandira. Wolinga ku yunivesite atsate mndandandawo kalasi ndi kalasi, osapatuka. Wolinga ku ntchito atenge AAS mosakayika, ndipo aone kuti ili ndi magetsi, PLC (timakompyuta toyendetsa makina a m'fakitale), mahaidiroliki ndi kuwerenga mapulani, chifukwa wodziwa zimenezi amafunidwa ku fakitale ya galimoto, ya mankhwala, ya zakudya ngakhale kosungira katundu.

## Njira yachitatu: kuphunzira uli pa ntchito

Kwa odziwa za TEVETA njira iyi si yachilendo, kungoti kuno kampani imakulembani ntchito kaye, maphunziro n'kubwera pambuyo.

Mtengo. Ndi njira yokhayo yomwe ndalama zimalowa m'thumba lanu m'malo motuluka. Pa apprenticeship yolembetsedwa ndi boma, chaka chimakhala ndi maola pafupifupi 2,000 a pa ntchito ndi maola osachepera 144 a m'kalasi, ndipo malipiro amakwera pa masitepe olembedwa m'pangano. South Carolina inayambitsa Apprenticeship Carolina mu 2007 kudzera m'makoleji ake 16 a ntchito zaluso: boma limathandiza kampani kulemba dongosolo la maphunziro popanda kuilipiritsa, ndipo poyamba linkaichotsera $1,000 pa msonkho pa wophunzira aliyense chaka chilichonse mpaka zaka 4. Mtundu wina ndi FAME, yomwe inayamba mu 2010 pa fakitale ya Toyota ku Georgetown, Kentucky, mogwirizana ndi koleji ya Bluegrass, n'kufalikira m'zigawo zina. Wophunzira wa FAME amakhala masiku awiri pa sabata m'kalasi, masiku atatu m'fakitale, kwa masemesita asanu, n'kutuluka ndi digiri ya zaka ziwiri ndi maola pafupifupi 1,800 a ntchito yeniyeni. Fizi ya pa FAME imatha kukhala yanu, koma malipiro ndi thandizo la chigawo zimaiphimba kwa ambiri.

Kupezeka. Apa ndi pomwe njirayi imafooka. Mipando ndi yochepa chifukwa mpando uliwonse ndi ntchito yomwe kampani yavomera kulipira. Pamakhala intaviyu, mayeso a masamu ndi kuwerenga, kufufuza mbiri yanu, ndi kuyeza mkodzo. Chamba n'chololedwa m'zigawo zina, koma mafakitale ambiri amayezabe, ndipo mnyamata wopezeka nacho amataya mpando womwe anaudikira chaka. Mufunika chilolezo chokhazikika chogwirira ntchito. Mufunikanso galimoto yodalirika, chifukwa mafakitale amamangidwa kunja kwa tauni komwe basi sifika 5 koloko m'mawa. Makampani opanga zida za asilikali amaletsedwa ndi malamulo a ITAR kuonetsa zina mwa ntchito zawo kwa munthu yemwe si nzika, wa green card kapena wothawa kwawo wovomerezeka, ndipo ntchito zofuna chilolezo cha zinsinsi za boma ndi za nzika zokha.

Kusunga malo. Mabwana anu ndi awiri. Kulephera m'kalasi kumatha kukuchotsetsani ntchito, ndipo kuchotsedwa ntchito kumaimitsa maphunziro. Sungani nokha kaundula wa maola omwe mwagwira pa luso lililonse, wosainidwa ndi wokuyang'anirani mwezi ndi mwezi. Kampani ikatseka kapena mukasamuka, kaundulayo ndi yemwe angachititse kuti kwina akulandireni pa chaka chachiwiri m'malo moyambiranso.

Pomwe pamaterera. Malipiro a chaka choyamba amatha kuchepera omwe munthu wa maovataimu akupeza kale kwina, ndiye werengerani zaka zitatu, osati mwezi woyamba. Mawu oti apprenticeship aliyense amatha kuwalemba pa chikwangwani. Funsani ngati pulogalamuyo inalembetsedwa ku unduna wa zantchito wa boma lalikulu kapena ku ofesi ya chigawo, chifukwa yolembetsedwa yokha ndiyo imapereka chiphaso chodziwika dziko lonse. Werengani ngati pali ndime yoti mudzabweze ndalama za maphunziro mukachoka msanga. Ndipo thupi lifunsidwe: m'mafakitale a semiconductor shifiti yofala ndi ya maola 12, masiku atatu sabata ino, anayi sabata la mawa, nthawi yambiri muli chilili m'chovala chija, opanda zodzola kumaso kapena perefyumu.

## Njira yachinayi: digiri ya zaka zinayi

Mtengo. Thandizo ndi lalikulu, koma zotsalira n'zazikulunso. NYS STEM Incentive Program ya ku New York (STEM ndi sayansi, luso lamakono, uinjiniya ndi masamu), yomwe inayamba mu 2014, imalipira fizi ya pa mlingo wa SUNY (mayunivesite a boma la chigawocho), yomwe kwa zaka zingapo yakhala $7,070 pa chaka. Excelsior Scholarship ya mu 2017 imachita zofananako kwa mabanja opeza mpaka $125,000 pa chaka. Zonse ziwiri sizilipira malo ogona ndi chakudya, zomwe pa yunivesite ya boma zimaposa fizi yeniyeniyo. Mwana wogonera kunyumba n'kumayendera ndi yemwe amapindula mokwanira. Ku Georgia kuli HOPE Scholarship, yomwe bwanamkubwa Zell Miller anayambitsa mu 1993 ndi ndalama za lotale, ndi ina yapamwamba yotchedwa dzina lake.

Kupezeka. Izi n'za ana okhoza bwino omwe aphunzira sekondale m'chigawo chomwecho. Ya STEM ya ku New York imafuna kuti mwana akhale m'gulu la 10 pa 100 apamwamba m'kalasi yake yomaliza. HOPE imafuna avereji ya 3.0, ya Zell Miller 3.7 ndi mapointi okwera pa SAT kapena ACT, mayeso olowera ku yunivesite. Wamkulu wobwera kuchokera kunja sapezamo malo kwenikweni.

Kusunga thandizo. Ku Georgia magiredi amaunikidwa mwana akafika makirediti 30, 60 ndi 90, komanso kumapeto kwa semesita yachiwiri ya chaka. Wotsika pansi pa 3.0 amataya HOPE, ndipo mwayi woibweza ndi umodzi wokha. Lamuloli linabala vuto lomwe boma silinalifune: ana ankathawa calculus ndi kemisitiri kuti ateteze avereji. Kuyambira mu 2017 anakonza powonjezera 0.5 pa magiredi a B, C ndi D m'makalasi a sayansi ndi masamu omwe ali pa mndandanda wovomerezeka. C ya calculus, yomwe ndi 2.0, imawerengedwa 2.5, B imakhala 3.5. Taonani bwino: ngakhale ndi chowonjezeracho C ikadali pansi pa 3.0, ndiye mwana wodzaza semesita yoyamba ndi makalasi anayi ovuta amatha kutaya thandizo chaka chisanathe. Ku New York, Excelsior imafuna makirediti 30 chaka chilichonse. Kulephera kalasi imodzi osaibweza m'chilimwe, kapena kusintha kosi n'kutaya makirediti, kumatha kudula thandizo.

Pomwe pamaterera. Kumudzi timati bondi. Wolandira ya STEM amasainira kuti akamaliza adzakhala ndi kugwira ntchito ya sayansi yovomerezeka ku New York zaka 5. Akasiya kosi ya sayansi, akalephera kumaliza, kapena akalandira ntchito yabwino ku Seattle n'kupita, ndalama zonse zimasanduka ngongole ya chiwongoladzanja. Wa Excelsior amakhala ku New York zaka zofanana ndi zomwe analandira thandizo, apo ayi imasanduka ngongole, ngakhale iyi ilibe chiwongoladzanja. Wosainira zimenezi ndi mwana wa zaka 17 kapena 18 yemwe sanalawepo fizikisi ya ku yunivesite, ndipo ochuluka ndithu mwa oyamba uinjiniya amasintha kosi. Onaninso mndandanda wa makosi ndi ntchito zovomerezeka, chifukwa si zonse zomwe inu mumazitcha sayansi zilimo. HOPE ilibe bondi yotere. Kulikonse komwe mwana apite, kosi ya uinjiniya ikhale yovomerezedwa ndi ABET, bungwe lounika makosi a uinjiniya, apo ayi laisensi ya uinjiniya idzamuvuta.

## Fakitale yomwe sinamangidwe

Choopsa ichi chimakhudza njira zonse zinayi, ndipo sichilembedwa pa fomu iliyonse. Mabwanamkubwa amakonda kulengeza maphunziro tsiku lomwelo lomwe akulengeza fakitale. Mu 2017 kampani ya Foxconn inalonjeza ntchito 13,000 ku Wisconsin. Pofika mu 2021 pangano latsopano linkanena za ntchito 1,454. Mu Januwale 2022 Intel inalengeza mafakitale a $20 biliyoni ku Licking County, Ohio, oti ayambe kupanga mu 2025, makoleji n'kukonza makosi mothamanga. Kenako kampaniyo inasunthira tsikulo ku 2030 ndi 2031. Ford nayo yasuntha kangapo tsiku loyambira kupanga magalimoto ku BlueOval City, ku Stanton, Tennessee, komwe chigawo chinamanga TCAT yatsopano. Mafakitale ena amabweradi: Kia ili ku West Point, Georgia, kuyambira 2009, ndipo antchito ake anaphunzitsidwa ndi Quick Start, pulogalamu ya chigawocho yophunzitsa antchito. Koma fodya wako ndi yemwe ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Musanasankhe kosi, tsegulani malonda a ntchito a m'dera lomwe mungafike pagalimoto m'mphindi 45, muwerenge makampani omwe akufuna luso limenelo lero. Akapezeka osachepera asanu, fakitale yolonjezedwayo idzakhala ndiwo yowonjezera. Ikapezeka imodzi yokha, ndipo ikadali dothi ndi makireni, sankhani kosi yotakata.

## Ndani atenge iti

Mayi kapena bambo wa green card yemwe akugwira mashifiti osamalira okalamba kapena kosungira katundu, ali ndi MSCE ndi ana oti adye, ayambe ndi satifiketi yopereka makirediti pa koleji ya boma, yomwe ndi gawo loyamba la AAS. Ngati ali ku Tennessee kapena Michigan, Reconnect ya makirediti 6 pa semesita ndi yomuyenera. Akamaphunziranso m'chilimwe zitenga zaka zitatu kapena zinayi, koma lendi sisiya kulipidwa.

Yemwe ali kale m'fakitale ngati woyendetsa makina asapite kutali. Afunse ku ofesi ya antchito ngati kampani ili ndi apprenticeship ya okonza makina, kapena ngati ingapemphe TechCred ku Ohio kapena thandizo lofanana nalo m'chigawo chake.

Mwana womaliza sekondale wokonda kugwira zida, yemwe masamu amakhoza koma sakonda kukhala pa desiki tsiku lonse, ayese FAME kapena apprenticeship yolembetsedwa, ndipo alembetsenso ku koleji ya zaka ziwiri nthawi yomweyo kuti intaviyu ikamukana asakhale chaka pakhomo.

Mwana wamphamvu pa masamu wofuna uinjiniya, ngati ali ku Georgia atenge HOPE ndipo semesita yoyamba asaidzaze. Ngati ali ku New York ndipo banja lakhazikika komweko, bondi ya zaka 5 si yolemera. Ngati m'nyumba mukukambidwa zosamuka, kapena mwanayo akadali pakati pa uinjiniya ndi zina, awerengere ndalamazo ngati ngongole kuyambira tsiku losaina. Banja lomwe silingakwanitse malo ogona a ku yunivesite limuyambitse ndi AS pa koleji ya m'dera, motsata mndandanda wosamukira.

Makolo a ku Indiana omwe ana awo ali mu giredi 7 kapena 8 aone ngati mwana ali mu 21st Century Scholars, pulogalamu ya mu 1990 yolipira fizi mpaka zaka 4 kwa mabanja opeza zochepa. Kuyambira mu 2023 oyenerera amalembedwa ndi boma lenilenilo, koma mwana amayenerabe kutsegula akaunti yake ndi kukwaniritsa zofunika za chaka chilichonse cha sekondale.

Wobwera ndi digiri ya sayansi kapena uinjiniya ya kumudzi asataye miyezi kugogoda pa Reconnect. Aunikitse digiri yake, afunse bungwe la chigawo lopereka malaisensi ngati angalembe mayeso a FE, oyamba pa njira ya laisensi ya uinjiniya, ndipo afunefune apprenticeship kapena kampani yolipirira antchito ake maphunziro, chifukwa njira zimenezi kawirikawiri sizikana munthu chifukwa choti ali ndi digiri kale.

Wa viza ya F-1 pafupifupi zonse zili pamwambazi si zake. Ndalama zake azifune ku yunivesite yeniyeniyo, makamaka ntchito zothandiza aphunzitsi ndi ofufuza pa digiri yachiwiri, ndipo asanalembetse atsimikize kuti kosi yake ili pa mndandanda wa STEM wa boma lalikulu, womwe umawonjezera miyezi 24 pa miyezi 12 ya OPT, chilolezo chogwirira ntchito akamaliza maphunziro.